Inkayenda bwinobwino pomwe tinkaiimika

Mukamayendayenda m'magulu a malonda pa Facebook kapena pa WhatsApp, mawu awa simungawaphonye. Wina akugulitsa galimoto yomwe yamera udzu kunsi, wina jenereta, wina chigayo, wina njinga yamoto, ndipo pansi pa chithunzi walemba kuti inkayenda bwinobwino pomwe tinkaiimika. Ena amalemba m'Chingerezi, ena amasakaniza, koma nkhani ndi yomweyo.

Chomwe chimandizunguza mutu n'chakuti nthawi zambiri mawuwa amakhala oona. Tsiku lomwe ankachiimika, chinthucho chinkayendadi. Koma wogula akawerenga, m'mutu mwake mumalowa chithunzi china, choti akangothira mafuta n'kuponda kiki, ulendo wayambika. Wogulitsa amadziwa kuti chithunzi chimenecho chilowa, ndipo n'chifukwa chake wasankha mawu amenewo pakati pa mawu onse omwe akanatha kulemba.

Ndiye funso langa lero ndi ili: munthu akanena zoona n'cholinga choti mnzake akhulupirire zabodza, wanama kapena sananame? Nanga wogulitsa chinthu chakale ali ndi ngongole yanji kwa wogula yemwe sakumudziwa n'komwe?

Funsoli landipeza pakhomo. Banja lathu likugulitsa njinga yamoto ya malemu malume, ndipo ntchito yolemba uthenga wa malonda yagwera ine, pa chifukwa chomwe aliyense wopita ku koleji amachidziwa: "Wasukulu ndiwe, lemba."

Njingayo ndi Yamaha DT125 yakale ija, ya thanki yaing'ono, madigadi okwera m'mwamba, ekizozi yodutsa m'mbali. Njinga za mtundu uwu anazipangira ntchito ziwiri, pa tala ndi m'fumbi. Yamaha inatulutsa DT-1 mu 1968, ndipo ambiri amati ndi imene inatsegula msika wa njinga zoterezi, zopepuka, zoti munthu n'kupita nazo ku ntchito m'tauni kenaka n'kukhotera m'kanjira ka ng'ombe. Honda inabwera ndi XL250 mu 1972. Mu 1979, pa mpikisano woyamba wa Paris-Dakar wodutsa m'chipululu cha Sahara, anapambana ndi Cyril Neveu wa ku France atakwera Yamaha XT500. Kumaiko a anzathu zambiri mwa njingazi zinali za masewera a kumapeto kwa sabata. Kuno zinali ngati khasu. Ankakwera ndi alangizi a zaulimi, a zaumoyo, ansembe, ogwira ntchito m'mabungwe, anthu omwe ntchito yawo inkayambira pomwe msewu wa tala wathera.

Malume anali mlangizi wa zaulimi m'madera a ku Dedza. Njingayo anaigula yogwiritsidwa kale ntchito m'zaka za m'ma 1990, ndipo inaona matope a ku Bembeke, fumbi la ku Linthipe, ndi mtsetse wotsikira ku Golomoti kosawerengeka. Anaiimika mu 2011, chaka chija anthu ankagona pa mizere ya mafuta ndi zigubu m'manja. Anati adzaitulutsa petulo akayamba kupezeka. Petulo anabwera, koma nthawi imeneyo thupi lawo linali litayamba kukana, ndipo mu 2013 anatisiya. Kuyambira pamenepo njingayo yakhala m'kachipinda kosungiramo makasu ndi matumba, yofunditsidwa lona. Pambali pake pali thiranki yachitsulo yodzaza masipeya: pisitoni yosatsegula, maring'i, masipuloketi awiri, mapuleti a kilatchi, kabyuleta ina, zingwe za buleki ndi kilatchi, wilo lakumbuyo, ndi tizitsulo tina tomwe palibe wa ife akudziwa dzina lake.

Tikugulitsa chifukwa mwana wawo womaliza wasankhidwa ku koleji. Fizi, malo ogona, chakudya, ndipo nonse mukudziwa momwe zinthu zinakwerera kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Akazi a malume, omwe tonse timawatchula kuti anti, anayang'ana zomwe zili pakhomo n'kunena kuti njingayo ipite.

Ndisanalembe kalikonse ndinaitana makaniko wina wachikulire wa pa tauni yathu, mmodzi mwa omwe anaphunzira ntchito pa njinga zoterezi. Anatha maola awiri akuiyang'ana. Zomwe ananena ndizilemba pano, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Petulo akakhala zaka amauma n'kusiya zomatamata ngati utomoni, zomwe zimatseka timabowo ta m'kabyuleta. Thanki yomwe sinadzaze imachita thukuta m'kati, madziwo n'kuyambitsa dzimbiri, dzimbirilo n'kumatsikira ku injini. Batire inafa kalekale. Makoswe anadya siponji ya mpando ndi mawaya ena. Tcheni chinauma. Izi ndi zooneka, ndipo aliyense wokhala ndi maso ndi tochi ya foni atha kuziona.

Kenaka pali zosaoneka. DT125 ndi ya two-stroke, kutanthauza kuti injini yake imadalira oyilo wosakanikirana ndi petulo. Yamaha inaika kapampu kotchedwa Autolube komwe kamatunga oyiloyo m'kathanki kake. Kapampuko kakauma kapena kapaipi kake kakatsekeka, injini imayaka ndithu, imalira bwinobwino, koma ikuyenda yopanda oyilo mpaka kunoka. M'mbali mwa injini muli ma seal a labala omwe amauma akakhalitsa, n'kuyamba kulowetsa mpweya, injini n'kumatentha mopitirira. Mabuleki ake ndi a mashu, ndipo chikopa chomwe chimamatidwa pa shuyo chimatha kumatuka ndi chinyezi cha zaka zambiri. Matayala akuoneka atsopano, mano ake onse alipo, koma makaniko uja anandionetsa manambala anayi omwe amalembedwa m'mbali mwa matayala ambiri opangidwa kuyambira mu 2000: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Athu alembedwa 2306. Sabata ya 23, chaka cha 2006. Labala wa zaka zimenezo amakhala atauma ngakhale sanapondepo msewu.

Ndinawafunsa kuti, "Ndiye bambo, ingayake?"

Anaseka. "Kuyaka iyaka. Nditsuke kabyuleta, pulagi yatsopano, lero lomwe ilira. Vuto ndi lomwelo, mwana wanga. Ikanakhala yosayaka bwenzi munthu akuiopa."

Mwana wamkulu wa malume, yemwe ndi wamkulu kwa ine ndipo ndimamutchula achimwene, maganizo ake anali achidule. Tiitsuke, makaniko ailize, tijambule kavidiyo utsi ukutuluka, tilembe kuti inkayenda bwinobwino pomwe tinkaiimika. "Tanama pati? Bambo anabwera nayo okha kuchokera ku msika, anaiimika okha. Akuluakulu anati malonda ndi m'maso. Wogula abwere ndi maso ake."

Achimwene si munthu wakuba, ndipo mfundo yawo si yopusa. M'Chilatini muli mawu ofanana ndi mwambi wathuwu, caveat emptor, kutanthauza kuti wogula achenjere. Msika uliwonse umayenda choncho. Wogulitsa tomato sakuuza kuti mzere wachitatu uko akugulitsa motchipa. Wa kaunjika sakulozera pomwe pang'ambika. Tonse tinazolowera kuti wogulitsa amayamikira, wogula amanyoza, mtengo n'kukumana pakati. Ngakhale buku la Miyambo, pa 20:14, limajambula wogula yemwe amanyoza katundu pogula, akachoka n'kumakadzitama. Masewerawa ndi akale, ndipo onse awiri amadziwa kuti akusewera.

Mtsutso womwe tinali nawo pakhonde paja unalembedwa kale zaka zoposa 2,000 zapitazo. Mu 44 BC, Cicero, loya komanso wandale wa ku Rome, analembera mwana wake yemwe ankaphunzira ku Athens buku lotchedwa De Officiis, lonena za udindo wa munthu. M'gawo lachitatu anapereka chitsanzo cha wamalonda yemwe wabweretsa tirigu kuchokera ku Alexandria kupita pa chilumba cha Rhodes, komwe kuli njala ndipo mitengo yakwera. Wamalondayo akudziwa kuti m'mbuyo mwake mukubwera zombo zina zodzaza tirigu, moti posachedwa mtengo ugwa. Kodi awauze anthu a ku Rhodes, kapena akhale chete n'kugulitsa modula? Amene munamvapo za njala ya 2002 kuchokera kwa makolo anu, chitsanzochi sichachilendo.

Cicero anaika anthu awiri kuti atsutsane. Diogenes wa ku Babylon akuti wamalonda asaname, atsate lamulo, koma alibe udindo woulula chilichonse chomwe akudziwa. Wophunzira wake, Antipater, akuti munthu anabadwira kuthandiza anthu anzake, choncho sangabise chinthu chomwe mnzake akufunika kuchidziwa. Kenaka akubwera ndi chitsanzo chachiwiri: nyumba yomwe mwini wake yekha akudziwa kuti m'zipinda mumalowa njoka ndipo mitengo yake inafumbwa. Cicero anagwirizana ndi Antipater. Mfundo yake, m'mawu anga, ndi yakuti kukhala chete pakokha si kubisa, koma kumasanduka kubisa ukamafuna kuti mnzako asadziwe chinthu chomukhudza n'cholinga choti iwe upindule.

Patapita zaka zoposa 1,200, Thomas Aquinas, wansembe wa ku Italy yemwe anamwalira mu 1274, anabwereranso ku funso lomweli mu Summa Theologiae, ndipo iye anagawa nkhaniyi mwa njira yomwe ndikuona kuti ikuthandiza. Chilema chikakhala choonekeratu, monga kavalo wa diso limodzi, wogulitsa sakakamizidwa kuchilengeza, bola atsitse mtengo moyenera. Koma chilema chikakhala chobisika, ndipo chingabweretse ngozi kapena kuluza kwa wogula, monga kavalo wotsimphina wogulitsidwa ngati wothamanga, nyumba yoti igwa, kapena chakudya choola, wogulitsa ayenera kunena. Pa wamalonda wa tirigu uja Aquinas anali wofewa kuposa Cicero: anati salakwira chilungamo akakhala chete za zombo zomwe zikubwera, ngakhale kuti akananena akanaonetsa mtima wabwino koposa.

Tikaika njinga ya malume pa muyeso umenewu, mpando wodyedwa ndi makoswe ndi kavalo wa diso limodzi. Mwambi wa achimwene ukugwira ntchito pamenepo, wogula aone yekha. Koma mabuleki, ma seal, kapampu ka oyilo ndi matayala a 2006 ndi kavalo wotsimphina. Maso sangazione. Mwambi woti malonda ndi m'maso unabadwa pa msika wa mbuzi, nkhuku ndi madengu, pomwe wogula ankatha kugwira, kununkhiza, kutembenuza. Sunaganizire za chinthu chomwe vuto lake lili m'kati mwa chitsulo ndipo limaonekera munthu ali pa liwiro, akutsika mtsetse.

Komanso mawu ajawa, akuti inkayenda bwinobwino, si kukhala chete. Diogenes ankateteza munthu yemwe sananene kanthu. Ife tikanakhala tikulankhula. Tikanasankha tsiku limodzi la mu 2011 n'kuliika patsogolo kuti liphimbe zaka zonse zomwe zadutsapo. Kavidiyo ka utsi kaja nakonso ndi chiganizo, kungoti n'chopanda mawu, ndipo chikunena kuti njingayi ili bwino lero. Ine ndikuona kuti bodza silikhala m'mawu okha. Limakhala pa zomwe ukufuna kuti zitsale m'mutu mwa mnzako ukamaliza kulankhula. Mwana yemwe wafunsidwa ngati wadya ndiwo za madzulo, n'kuyankha kuti "ine ndinali kumpira", atha kukhala kuti kumpirako analikodi. Mayi aliyense amadziwa chomwe chachitika pamenepo, ndipo palibe mayi amene amachitcha chilungamo.

Ngakhale malamulo amazindikira zimenezi. Anzathu omwe muli ku Joni munakumanapo ndi mawu oti voetstoots pogula galimoto kapena nyumba, kutanthauza kuti wagula chinthu momwe chililimo. Koma ngakhale kumeneko, wogulitsa yemwe ankadziwa chilema n'kuchibisa dala sangabisale kuseri kwa mawu amenewo.

Tsopano taganizirani yemwe angagule. Masiku ano aliyense woona njinga yamoto yotchipa amaganiza za kabaza. Mnyamata wamaliza Fomu 4, ntchito kulibe, wagulitsa mbatatesi kapena wabwereka ku banki m'khonde, ndalama yake siikwana Lifan kapena Boxer yatsopano. Akuona Yamaha, dzina lomwe bambo ake ankalilemekeza, pa mtengo womwe angathe. Mnyamata ameneyu ndi amene mawu athu aja akanamukola, chifukwa makaniko wodziwa ntchito akamva kuti zaka khumi ndi zingapo, amadziwiratu zoyenera kuyang'ana. Mawu ozembawa amagwira munthu wosadziwa, ndipo kawirikawiri wosadziwayo ndi amenenso alibe ndalama yokonzetsera.

Ndipo sakwera yekha. Kumbuyo kwake kukhala mayi wopita ku sikelo ndi mwana kumsana, kapena mphunzitsi wothamangira ku sukulu. Anthu amenewa sanaone uthenga wathu, sanakambirane nafe mtengo, sanapatsidwe mpata wobwera ndi maso awo. Apa ndi pomwe njinga imasiyana ndi foni yakufa batire. Pa foni woluza ndi wogula yekha. Pa mabuleki omatuka woluza atha kukhala munthu yemwe sanachite nawo malondawo.

Nditafotokoza zonsezi, achimwene anandiyankha mawu omwe sindikufuna kuwapeputsa, chifukwa ndi olemera kuposa a Diogenes.

"Chilungamo chakocho alipire ndani? Njinga si yako, fizi si yako. Iwe ulemba zilema zonse, mtengo utsika, ugona tulo tabwino ku Lilongwe, mwana uyu n'kukabwezedwa pa geti. Ndi zophweka kukhala woyera ndi ndalama za eni."

Pali choona m'menemo. Ife omwe tinawerengako timabuku timakonda mfundo zomwe mtengo wake amalipira ndi ena. Ndipo umphawi umachepetsadi malo oti munthu asankhe. Yemwe ali ndi ndalama ku banki atha kunena zilema zonse za katundu wake osamva kuwawa. Mayi wamasiye yemwe watsala ndi chinthu chimodzi chogulitsa, chilema chilichonse chomwe wanena ndi mwezi wa chakudya cha mwana wake.

Koma ndikaiganizira bwino, mfundoyi ikunena kuti vuto lathu tilisamutsire pa khomo la munthu wina. Ndalama yomwe tingapeze pamwamba chifukwa chobisa siichokera kumwamba. Ichokera m'thumba la mnyamata uja, yemwe nayenso ali ndi mlongo wofuna fizi. Tikanakhala kuti tikubisira kampani yaikulu, mwina ena akanati ndi nkhani ina, ngakhale ineyo sindikutsimikiza. Apa ndi wosauka kudya wosauka mnzake, yemwe kulakwa kwake n'kwakuti sitikumudziwa nkhope.

Mbali ya achimwene yomwe ndinavomereza ndi yakuti chiganizo si changa. Njinga ndi ya anti ndi ana awo. Changa ndi dzanja lolembera basi, ndipo dzanjalo ndili ndi ufulu wolikaniza kulemba zomwe ndikudziwa kuti zikola munthu. Choncho ndinapita kwa anti n'kuwafotokozera zonse zomwe makaniko ananena, ndi kuti tikalemba zonse mtengo utsika ndithu. Anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa funso limodzi.

"Akakagwa nayo mwana wa eni, anthu adzati yagwa njinga ya ndani?"

Kumudzi chinthu chimayenda ndi dzina la mwini wake ngakhale chitagulitsidwa kawiri. Njingayo dera lonse limaidziwa kuti ndi ya alangizi. Anti sanawerengepo Cicero, koma anaona msanga kuti tikugulitsa chitsulo pamodzi ndi dzina la munthu yemwe alimi ankakhulupirira mawu ake pa nkhani ya mbewu.

Yankho lawo linandisangalatsa, koma linandisiyiranso funso lina. Makolo athu ankaopa kunyenga pa malonda, mwa zina, chifukwa wogula ankakumana naye ku maliro, ku tchalitchi, ku chigayo. Manyazi ankagwira ntchito ya polisi. Pa intaneti wogula atha kuchokera ku Mzuzu, kutumiza ndalama pa foni, kukweza njinga pa lole, osadzaonananso. Akakudandaulira umangomubuloka. Ndiye ngati chomwe chinkatiletsa chinali manyazi okha, foni yatimasula. M'badwo wathu ndi woyamba kuno kugulitsana zinthu zambiri chonchi ndi anthu osawadziwa, ndipo tikuyenera kupeza chifukwa china chonenera zoona, choti chigwire ntchito ngakhale pomwe palibe wotiona.

Chifukwa chimodzi anachifotokoza katswiri wa zachuma George Akerlof mu 1970, m'nkhani yake yotchedwa The Market for Lemons, yomwe inathandiza kuti alandire mphoto ya Nobel mu 2001. Anagwiritsa ntchito chitsanzo cha magalimoto akale. Wogula akalephera kusiyanitsa yabwino ndi yowonongeka, amapereka mtengo wapakati pa zonse. Mwini galimoto yabwino amaona kuti mtengowo ndi wachipongwe, n'kuichotsa pa msika. Zotsala zimakhala zoipa, wogula n'kutsitsanso mtengo, mpaka msika wonse kudzaza zinyalala. Tonse tikuzidziwa izi. Ndi chifukwa chake ukamagula foni kwa munthu umayamba wamuona ngati wakuba, ndipo ukamagulitsa yako yabwinobwino amakupatsa mtengo wa yakufa. Aliyense wolemba mawu ozemba aja amapeza kangachepe lero, n'kusiyira tonse msika womwe palibe akukhulupirira mnzake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo mawalo kwa ife linafika msanga, kudzera pa thiranki ija. Mbiri itamveka kuti njinga ikugulitsidwa, kunabwera bambo wina wogula zitsulo zakutha. Anatsegula thiranki, anagwedeza mutu, anati zonsezi ndi za pa sikelo, atithandize kuchotsa dothi m'nyumba. Makaniko uja atamva anadabwa. Pisitoni ndi maring'i zija ndi zenizeni za ku Japan, zili m'mapaketi ake, ndipo zoterozo sizipezekanso wamba. Kwa munthu yemwe akadali ndi DT yoyenda, thirankiyo ndi chuma. Kunja kuli anthu omwe amasaka njinga zakale zoterezi kuti azikonze n'kuzisunga. Kaya bambo wa sikelo uja ankadziwa kapena ayi, achimwene anapsa mtima zedi. Anati munthu angafune bwanji kudyera mayi wamasiye masuku pamutu chifukwa choti sadziwa mtengo wa katundu wake.

Sindinayankhe, ndipo panalibe chifukwa choyankhira. Pa thiranki osadziwa tinali ife, ndipo tonse tinamva m'mimba kuti wodziwa akanayenera kutiuza. Pa mabuleki odziwa ndife. Sindikuona njira yoti munthu akwiyire choyambacho n'kuvomereza chachiwiricho.

Thiranki yomweyo inatiululira chinthu china. Malume anagulapo njinga ina yakufa kuti azichotsako zitsulo, ndipo nthawi ina anasintha injini yonse. Anzanga a filosofi pano akumbuka chombo cha Theseus chomwe Plutarch anasimba, chomwe anthu a ku Athens ankasintha matabwa ake limodzilimodzi mpaka anzeru kuyamba kutsutsana ngati chikadali chombo chomwecho. Ku Road Traffic funsoli sakhala nalo pansi nthawi yaitali: amayang'ana manambala. Nambala ya injini yomwe ili pa njinga ikusiyana ndi ya mu blue book, ndipo blue book yo ili m'dzina la munthu yemwe anamwalira, kutanthauza kuti kusintha umwini kudzafuna makalata a chuma cha masiye. Wogula wosauzidwa angadzazidziwe izi ali pa rodibuloko. Ichinso ndi chilema chobisika, ngakhale sichili m'chitsulo.

Chinthu chomaliza chomwe ndinaona pa mtsutso wathu n'chakuti mtengo womwe tonse tinali nawo m'mutu sunali wa njinga. Unali wa malume. Tinkawerengera kulira kwake akamafika madzulo, fungo la utsi wa two-stroke, ulendo woyamba womwe aliyense wa ife anakwezedwa pa thanki. Zimenezo ndi zenizeni, koma wogula sazilandira, ndiye sangazilipire. Ndikuganiza kuti ambiri olemba kuti inkayenda bwinobwino sakufuna kuba. Akunena za chinthu momwe akuchikumbukira, chifukwa m'mitima mwawo chinaima pa tsiku lomwe anachiimika. Dzimbiri lokha ndi lomwe silinaime.

Pansi pa thiranki tinapezamo kabuku ka chikuto cholimba. Malume ankalembamo chilichonse chomwe achita pa njingayo: tsiku, makilomita, chomwe chasinthidwa, chomwe chikuvuta. Tsamba lomaliza, la mu 2011, analemba kuti buleki yakumbuyo ikuchedwa kugwira, ndipo ayang'ane mashu. Ndiye ngakhale mawu oti bwinobwino aja mwini wake sakanawasainira. Anti anena kuti kabukuko kapite ndi njinga.

Uthenga womwe tinagwirizana ndi uwu:

"Yamaha DT125 yakale ikugulitsidwa ku Dedza. Yakhala osayenda kuyambira 2011. Injini ikuzungulira koma sitinailize. Ikufunika matayala, mashu a mabuleki, ma seal a injini, batire, tcheni, kutsuka thanki ndi kabyuleta, kuyeza pampu ya oyilo. Musaikwere musanakonze zimenezi. Injini inasinthidwa, nambala ikusiyana ndi ya mu blue book. Blue book ili m'dzina la malemu, makalata tithandizana. Pali thiranki ya masipeya, ena atsopano, mtengo wake ndi wapadera. Bwerani ndi makaniko wanu."

Sindikuuzani kuti chilungamo chalipira, chifukwa mpaka pano sichinalipire. Mafoni abwera ochepa. Anyamata awiri a kabaza anaimba, ndipo titawawerengera zoyenera kugula asanayambe kunyamula anthu, mmodzi anadula foni, winayo anati, "Mwanditsina khutu, akulu, zikomo." Yemwe akuoneka wotsimikiza ndi bambo wina wa ku Balaka yemwe ali kale ndi DT yake ndipo funso lake loyamba linali la ma seal. Mtengo womwe watchula ndi wotsika kuposa womwe achimwene ankayembekezera, ndipo achimwene sanasiye kundikumbutsa.

Fizi ikuperewerabe. Lamlungu likubwerali tikumana kwa anti kuti tione momwe tingagawanirane yotsalayo, ndipo dzina langa lili pa mndandanda wa osonkha. Pamenepo achimwene anapambana: ngati ndikufuna kuti banja linene zoona, ndiyenera kunyamulako mtengo wake.